Nkhululu ya ku Chaneng

Loweruka, 3 Seputembala 2011

Clara 11:02
[chithunzi]

Clara 11:02
achimwene mwaona? wagwada pa tayalayo ndi Maxon ndinkakuuzani uja. wabweranso kwa adadi. loweruka lachinayi ili

Gracious 11:09
ndikuona msana wokha. kagalimoto akupanga adadi kaja ndi kameneka? kkkk ngati wilibala yavala chipewa

Clara 11:10
musaseke, afika nako patali. kali ndi matayala 4 tsopano, pa atatu paja kanagubuduzika pa kona ya ku tchalitchi. mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. akukatchula Nkhululu, akuti kamalira kwambiri koma mtown kazilowa pakadzenje kalikonse

Gracious 11:12
ine ndili pa line ya petulo kuno ku Limbe kuyambira 5 mmawa, tanker sinafike. uwauze anditumizire nkhululu yawoyo

Clara 11:13
akuti litre imodzi 30km. kaya. koma nkhani si imeneyo. ndafika kuno ku Chaneng ndi ndiwo zawo, ndapeza munthu akuyeza paliponse ndi tepi, akujambula ndi foni mpaka kunsi. adadi angoima akumwetulira ngati akuonetsa mdzukulu

Gracious 11:15
kwawo nkuti?

Clara 11:16
Mulanje. anakumana pa maliro a mMalawi wina ku Lefaragatlha. nde akuti ndi designer pa kampani ina ku Brits. designer wobwera pa taxi, zala zong'alukang'aluka

Gracious 11:16
akufuna chani kwenikweni

Clara 11:18
akuti body ya malata anapanga adadi ija ikulemera, injini ya scooter ikulephera kukoka. nde iye apanga ya fibre, yopepuka. mwaulere

Gracious 11:18
ulere? ku Joni?

Clara 11:19
ndi zimene ndikunenazo

Gracious 11:20
tenga nambala yake. usaonetse nkhope

Clara 13:41
[mawu ojambula, 0:46]
Ndatuluka panja, ndili kuseri kwa thanki. Achimwene, kope lija kulibe. Lakuda lija, limene adadi akhala akulembamo miyezo yonse kuyambira 2008. Ndimati ndiwayalire pabedi, pansi pa matiresi mbee. Kuwafunsa, akuti, "Ndinam'bwereka mnzangayu sabata yatha." Mnzawo! Munthu wa msinkhu wanu. Kope limenelo ine sanandilolepo ngakhale kulipukuta fumbi. Ndiye ndam'yang'ana Maxon uja, iye maso pansi, akuti, "Lili bwino sisi, ndinalikulunga mu pulasitiki." Ndinam'funsa za pulasitiki ine?

Gracious 14:05
eish

Gracious 14:09
[mawu ojambula, 1:05]
Iwe unali wamng'ono, mwina sukudziwa. Nthawi imene adadi ankakonza timasitima ta pansi pa mgodi, amati makalanyane tija, anthu ankaduka zala polumikiza ngolo. Adadi anasula kachitsulo kokolera ngolo munthu osalowetsa dzanja. Anakaonetsa kwa foromani. Foromani anayamikira m'chilankhulo cha kumgodi, "Mushe sterek, madala," n'kukaika m'thumba. Patatha miyezi itatu, chithunzi cha foromani chili pa bolodi atanyamula satifiketi. Adadi anawapatsa ovolosi yatsopano. Analemba kalata kumudzi, amayi anatiwerengera ali misozi chuchuchu. Munthu yemweyo lero watenga kope la zaka zitatu n'kupereka kwa munthu wokumana naye pamaliro. Ukhale tcheru, Clara. Kumeneko uli wekha.

Clara 14:12
nambala ndatenga

Lolemba, 5 Seputembala

Clara kwa adadi 07:50
mwadzuka bwanji adadi? kope lija muuzeni Maxon abweze

Adadi 09:32
Ndadzuka bwino mwananga. Kope lili mmanja abwino. Body sipangidwa ndi pakamwa, imafuna miyezo. Nsomba zija unachulutsa mchere.

Clara kwa adadi 09:35
mwamudziwa miyezi iwiri yokha

Adadi 09:51
Pansi pa mgodi munthu timamudziwa shift imodzi. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Clara 09:53
achimwene ndakutumizirani yankho lawo. mwaona?

Gracious 10:20
kalumo komweko ndi kamene kamacheka

Lachinayi, 8 Seputembala

Adadi 12:14
Clara. Loweruka ubwere ndi ID yanga ija unasunga. Ikufunika photocopy. Pepala ndinasaina kale.

Clara kwa adadi 12:31
pepala lanji?

Clara kwa adadi 12:32
adadi pepala lanji mwasaina?

Adadi 12:58
La Nkhululu.

Clara kwa adadi 12:58
analemba ndani? mwawerenga? linali mchingerezi?

Clara kwa adadi 13:20
ndaimba kawiri simukuyankha

Clara 13:26
achimwene zafika poipa. asainitsidwa pepala. tsopano akufuna ID

Gracious 13:27
ID?? usapereke. unene kuti waiwala ku room kwako

Clara 13:29
ndili pa till, supervisor akundiyang'ana

Gracious 13:44
ndabwerera pa chithunzi unanditumizira chija. pamsana pa ovolosi yake pali dzina la kampani ndi nambala ya 012. ikuoneka ukakulitsa. imba ufunse designer wawo

Clara 16:10
[mawu ojambula, 0:39]
Ndaimba. Ndi kampani yopanga ma canopy, madenga a kumbuyo kwa ma pickup, si ya magalimoto ayi. Wayankha mayi wina. Ndati ndikufuna designer wanu, Maxon. Achimwene, kuseka kwake! Mpaka waitana mnzake kuti adzamve, "Kom hoor, kom hoor." Akuti designer alibe, Maxon amene ali naye ndi wokwecha ma canopy ndi sandpaper kuseri. Wokwecha! Ndiye andiuze kuti kope la adadi akuliwerengera ndani.

Gracious 16:13
ndinadziwa. ndi wotumidwa ameneyo. amatero: atuma wakwanu wolankhula chinenero chako, iwe umasuke. iye amupatsa ya drink, azungu atenga plan. chaka chamawa uzaiona pa tv ili ndi dzina lina

Clara 16:15
ndimufunse?

Gracious 16:15
mufunse koma usamuuze kuti waimba

Clara kwa Maxon 17:02
Maxon ndine Clara mwana wa a Absalom. kope la adadi likufunika loweruka. ndi pepala munawasainitsa lija

Maxon 17:40
Zikomo sisi. Kope ndibweretsa week inayo, ndatsala ndi chitseko ndi kumbuyo. Pepala ndinatumiza kale

Clara kwa Maxon 17:41
kutumiza kuti?

Maxon 17:49
Madala anati ndisanene. Muwafunse okha

Clara kwa Maxon 17:50
ku ntchito kwanu mumagwira ngati ndani?

Clara kwa Maxon 18:25
ndafunsa funso

Loweruka, 10 Seputembala

Clara 15:18
lero sanabwere. loweruka loyamba kujomba. adadi akuti watanganidwa ndi chikombole cha body. ID ndati ndaiwala

Gracious 15:20
anati chani

Clara 15:23
anandilozera Nkhululu. kenako akuti khala pa mpando wakumbuyo ndione ngati mawondo akugunda. ndinakhala. akugunda. asuntha mpando 6cm nkulemba pa khoma ndi choko coz kope palibe. munthu wamkulu kulemba pa khoma achimwene

Gracious 15:25
za pepala?

Clara 15:26
akuti nthawi yake ikakwana mudzamva. inu ndi mkulu wako mumafulumira kuseka

Gracious 15:31
ndaseka liti ine

Gracious 15:33
tamvera. wajomba coz wadziwa kuti tamutulukira. imbira bwana wake weniweni. umuuze kuti banja likudziwa, plan ili ndi mwini wake, tili ndi lawyer

Clara 15:34
tili ndi lawyer?

Gracious 15:34
iye akudziwa bwanji

Clara 15:37
nanga akamuchotsa ntchito?

Gracious 15:39
angachotse bwanji munthu amene amutuma okha? ukuopa chani. nthawi ya foromani ija panalibe wowalankhulira adadi. pano tilipo

Clara 15:52
ndiganize kaye

Lachitatu, 14 Seputembala

Gracious 08:05
waimba?

Gracious 12:40
Clara

Gracious 19:02
ukudikira asaine nyumba yomwe?

Lachinayi, 15 Seputembala

Clara 13:12
[mawu ojambula, 0:58]
Ndaimba pa lunch. Andipatsa mwini kampani. Ndalankhula monga munanenera, kuti tikudziwa kuti mwatuma wantchito wanu kudzatenga plan ya galimoto ya bambo athu, tili ndi loya. Iye akuti, "What car?" Ndati body ya galimoto imene Maxon akupanga kwanuko. Akuti, "In my shop?" Mawu ake anasintha, achimwene. Wandifunsa dzina, wandifunsa nambala, ine n'kupereka. Wati, "Thank you, my dear," n'kudula. Sindikudziwa. Munthu uja samamveka ngati wogwidwa. Amamveka ngati woti akumva koyamba.

Gracious 13:30
acting. amadziwa kunamizira amenewo

Clara 13:31
lunch yatha, ndabwerera pa till osadya

Gracious 13:33
wachita bwino. udye

Lachisanu, 16 Seputembala

Adadi 10:47
Please Call Me

Adadi 10:49
Please Call Me

Clara kwa adadi 11:05
ndili pa till adadi, ndiimba pa lunch. muli bwino?

Adadi 11:21
Amene anaimba foni ku Brits ndi iwe?

Adadi 11:58
Clara Thawale ndikufunsa iwe.

Clara kwa adadi 12:04
eya adadi. ndimafuna kukutetezani

Adadi 12:30
Usaimbe. Mawa ubwere.

Clara 12:33
achimwene adziwa

Gracious 12:50
nde kuti mbava yathamangira kukadandaula. limba mtima

Loweruka, 17 Seputembala

Gracious 10:15
wafika?

Gracious 12:02
zili bwanji

Gracious 14:30
iwe yankha, ndikuona kuti wawerenga

Clara 16:44
[mawu ojambula, 1:20]
Ndili pa stop, ndikudikira taxi. Mundimvere mpaka ndimalize, musandidule. Ndafika, ndapeza Maxon wakhala pa kreti pafupi ndi Nkhululu, ovolosi yomweyo, chikwama palibe. Anam'chotsa ntchito Lachinayi lomwelo. Bwana atangodula foni yanga anapita kuseri, ku shedi yakale yosungira zinyalala za fibre, n'kupeza chikombole cha body chitavundikiridwa ndi tenti. Bwana sankadziwa kanthu. Maxon ankapanga Lamulungu, masabata asanu, ndi zidutswa zotaya. Amene ankadziwa ndi mlonda yekha. Ndiye bwana wati wakuba malo, wakuba zipangizo, tuluka pompano kapena ndiitane apolisi. Chipinda chimene ankagona chili kuseri kwa fakitale komweko, anachikhoma loko iye ali panja. Zovala, bulangete, mbaula, zonse zatsala m'katimo.

Clara 16:47
[mawu ojambula, 1:14]
Anam'patsa mphindi zisanu kuti akatenge za mu locker yake ya kuntchito. Mukudziwa chimene anatenga? Kope. Analilowetsa m'kati mwa ovolosi, pamimba, n'kudutsa nalo pageti akusechedwa m'matumba. Wagona kwa mnzake ku Bethanie, dzulo wafika kwa adadi n'kulipereka. Lili mu pulasitiki momwemo, tsamba ngakhale limodzi silinachoke. Adadi anandiwerengetsa masamba pamaso pake. Kenako atulutsa photocopy ya pepala lija, aika patebulo. Ndi fomu ya chionetsero cha zopangapanga ku Pretoria, mwezi wa Novembala. Polemba designer pali Absalom Thawale. Polemba wothandiza pali Maxon, ndipo iye mwini anawonjezera ndi bolopeni kuti sanding. ID imafunika pa fomu yomweyo. Tsiku lotseka linali dzulo.

Gracious 16:55
nanga bwanji ankanama kuti ndi designer

Clara 16:58
sananenepo. ndakhala ndikukumbukira mu mtima monse. anandiuza choncho ndi adadi. lero akuti munthu wotulutsa shape ndi manja ake ndi designer, kaya bwana wake amutchula chani. nde ine nditamufunsa pa sms anachita manyazi kuwatsutsa madala

Gracious 17:01
bwanji osangotiuza za chionetserocho

Clara 17:04
akuti amafuna kalata yovomera ibwere kaye. akuti ana anga akamva Pretoria aseka, ndikakanidwa asekanso kachiwiri

Gracious 17:15
pepala munthu atha kupanga awiri. lina loonetsa lina lotumiza

Clara 17:16
achimwene

Gracious 17:17
ndikungonena. iwe waona limodzi

Clara 17:19
ndaona munthu wopanda nsapato yosinthira. ali ndi mkazi ndi mwana wa miyezi 8 ku Mulanje. sanandinyoze, sanandiyang'ane nkomwe. anandipatsa kreti yake kuti ndikhale iye nkukhala pansi

Gracious 17:21
adadi anakukalipira?

Clara 17:24
bola akanakalipa. anangoti Maxon azigona chipinda chako chakale, uchotsemo makatoni ako. ndachotsa. ndili nawo pano pa stop

Gracious 17:40
tinkawateteza Clara. tisadziweruze kwambiri

Clara 17:41
foni anaimba ndani, inu kapena ine?

Gracious 17:58
taxi yabwera?

Lolemba, 19 Seputembala

Nambala yachilendo 09:41
Morning Clara, its the owner from Brits. Had a good look at that mould. Clever little shape. Is the design registered? Tell the old man I can take it off his hands.

Clara 09:50
achimwene werengani ichi ndakutumizirani

Clara 09:51
wakuba munkamufuna uja ndi uyu. ndipo chikombole ndamupatsa ndine

Gracious 10:34
usayankhe

Clara 10:35
zokhazo?

Gracious 10:52
ndili mkalasi, ana akulemba test, ine ndangoima pa windo

Clara kwa adadi 10:58
adadi bwana wa ku Brits walemba. akufunsa ngati plan inalembetsedwa ku boma. akufuna kugula. chikombole akukana nacho

Adadi 11:40
Aikona. Sindigulitsa.

Clara kwa adadi 11:42
nanga akapanga yekha? chikombole ali nacho

Adadi 12:06
Chikombole ali nacho. Kope alibe. Sakudziwa pokhala injini, sakudziwa chifukwa chimene matayala akumbuyo ndinawayandikizitsa. Body yopanda chassis ndi beseni. Asambiremo.

Clara kwa adadi 12:08
pepani adadi

Clara kwa adadi 12:30
adadi ndati pepani

Adadi 13:15
Ntchito inatha si yanga.

Clara kwa nambala yachilendo 13:31
It is registered. Not for sale. Please release Maxon's clothes.

Nambala yachilendo 13:48
Send me the reg number then.

Clara 13:50
ndamuuza kuti inalembetsedwa. akuti nditumize nambala yake

Gracious 13:52
inalembetsedwa?

Clara 13:52
ayi

Gracious 13:55
nde usiye pomwepo. mabodza athu akwana

Lachiwiri, 20 Seputembala

Clara kwa Maxon 07:30
a Maxon ndine Clara. loweruka ndinalephera kulankhula. ndinakuganizirani zoipa popanda umboni, ndakuphetsani ntchito ndi pogona. palibe chimene ndinganene choti chibweze zimenezo. pepani

Clara kwa Maxon 07:34
ku Tlhabane kuli panel beater wina, mkazi wake timagwira limodzi. akuti akufuna munthu wodziwa fibre, ma bumper a mataxi. ndingapereke nambala yanu?

Clara kwa Maxon 18:10
mwalandira message yanga?

Lachisanu, 23 Seputembala

Gracious 09:12
adadi sakuyankha foni yanga. katatu

Clara 09:40
yanganso amayankha mawu awiri. ndinadutsako dzulo nditaweruka, sindinalowe, ndinaima pa mpanda wa a neba

Gracious 09:41
waona chani

Clara 09:46
[mawu ojambula, 0:55]
Ayambiranso. Atola mafiriji awiri akutha ku dampu kotaya zinyalala, achotsa thovu louma la m'kati lija, alimata pa Nkhululu mpaka yaoneka ngati chulu. Maxon akusema ndi mpeni wa buledi, adadi agwira kope akuwerenga miyezo mokweza ngati akulengeza nyimbo kutchalitchi. Onse awiri mbuu, oyera ngati agwera mu ufa. Wavala malaya a adadi a buluu aja, manja opinda katatu. Ndinamva adadi akuti ku Pretoria anaimba n'kuwapempha, awalola kutumiza ID mochedwa, koma body ikapanda kutha pofika pa 4 Novembala malo awo apereka kwa wina. Ntchito ya masabata asanu, m'shedi ya makina. Pano aipanga pabwalo, fumbi la ku Chaneng lili thoo. ID ndinapatsira a neba kuti awapatse.

Gracious 10:02
akwanitsa?

Clara 10:03
kaya

Gracious 10:20
nambala ya Maxon unditumizire

Clara 10:21
mukufuna mumufunse chani tsopano

Gracious 10:29
palibe. basi siya

Gracious 10:44
ayi tumiza

Clara 10:45
ndatumiza. mukamulembera musayambe ndi "koma"

Lolemba, 26 Seputembala

Nambala yachilendo 08:20
Still waiting for that number. His things are at the gate, security can give them.

Clara kwa Maxon 08:33
katundu wanu ali pa gate ku Brits, security apereka. ndili off lachitatu, nditha kukatenga

Clara kwa Maxon 15:05
ndikatenge?

Lachitatu, 28 Seputembala

Clara 14:16
ndakatenga. chi plastic chakuda chimodzi. bulangete, mbaula, nsapato, chithunzi cha mwana. ndinasuzumira kuseri, shedi ili ndi loko watsopano

Gracious 14:30
ndinamulembera lamulungu. sanayankhe

Clara 14:31
ine ma message 5

Gracious 14:33
mwina alibe airtime

Clara 14:34
ali nayo. adadi anandiuza kuti dzulo analankhula ndi panel beater uja. ayamba lolemba, masiku atatu pa week

Gracious 14:36
nde nambala anaipeza kuti

Clara 14:37
ndinawapatsa adadi. akuti analandira kapepala nkukaika mthumba

Clara kwa Maxon 17:20
katundu ndasiya pakhomo pa chipinda chanu. munali ku hardware. muone ngati zonse zilimo

Lachinayi, 29 Seputembala

Maxon 12:11
Zilimo

Maxon 12:14
Loweruka tikuyesa mabuleki pa msewu wotsetsereka wa kuseri kwa sukulu. Madala akuti tiyese ndi anthu awiri ngati mtown. Iwo dokotala anawaletsa zogwedezeka chifukwa cha msana. Pakufunika wokhala kumbuyo. Mumalemera makilo angati

Clara kwa Maxon 12:31
58

Clara kwa Maxon 12:32
mabulekiwo anayesedwapo?

Maxon 12:40
Ayi. Nchifukwa chake tikuyesa

Clara kwa Maxon 12:41
aziyendetsa ndani?

Maxon 12:41
Ine

Clara kwa Maxon 13:58
nthawi yanji